Tiyi wamadzimadzi pakati pa minda ya tiyi

Abale, kodi eni malesitilanti ena ku Thyolo amationa bwanji ife odyafe? Munthu uchoke ku Limbe, udutse pa Bvumbwe, maso akhute minda ya tiyi ya Naming'omba ndi ya Satemwa, yomwe idayamba kale mu 1923, kenaka akupatse madzi ofunda ongonunkhizidwa masamba. Zoona?

Ine zidandionekera pa lesitilanti ina pa boma. Ndidaitanitsa nsima ya nkhuku ya lokolo. Patatha ola lathunthu kudabwera nsima yozizira, yamibulu, ndi kaphiko kamodzi kakusambira mumsuzi wa mchere wokhawokha. Nditadandaula, mtsikana woperekera zakudya adangoti, "Pepani bambo, zilipo n'zomwezo," nabwerera kukamvera wailesi.

Mtsikanayo sindimuda kwenikweni. Malipiro a ntchito zoterezi tonse tikuwadziwa. Mlandu ngwa bwana wake, amene amaganiza kuti wapaulendo sabweranso. Akudzinamiza. Mavenda ndi madalaivala a minibasi amadutsa msewu umenewu tsiku ndi tsiku, ndipo amauzana.

Tiyi wabwino amapita ku okushoni ku Limbe, kenaka kunja. Nanga wokwana kapu imodzi osatisiyirako bwanji?