Wosiya mapesi m'munda si wamisala

Mwezi wa Ogasiti ukafika, aliyense woyenda pa msewu wa M1 madzulo amaona moto uli lawilawi m'minda. Anyamata ali kalikiliki kusaka mbewa, mbuzi ndi ng'ombe nazo zatayiriridwa kuti zidye paliponse. Kumudzi zimenezi sizidabwitsa munthu. Koma m'midzi yambiri masiku ano muli banja limodzi kapena awiri omwe moto umenewu umawaliza, ndipo ife a nyuzipepala ino tikufuna tiwalankhulireko.

Tikunena za mlimi amene wasiya kugalauza mizere, nayala mapesi m'munda kuti asunge chinyontho. Tikunena za mayi amene wabzala nandolo pakati pa chimanga, podziwa kuti mbewuyi imabwezera chonde m'nthaka. Vuto ndi lakuti nandolo amachedwa kucha. Anzake akamatuta chimanga m'mwezi wa Meyi, iye ali chiimire m'munda, ndipo mbuzi za mneba zikamasulidwa zimayambira pomwepo. Mwini munda akakadandaula kubwalo, yankho limakhala lakuti, kodi inu ndinu woyamba kulima m'mudzi muno? Chaka chotsatira munthu uja amabwerera ku khasu ndi mizere, osati chifukwa nzeru yake idalephera, koma chifukwa anthu adamutopetsa.

Tsono akapirira n'kukolola zambiri pamene ena apeza zochepa, nkhani imasintha. Dzulo adali wamisala, lero ndi wokhwima. Manong'onong'o amayamba akuti ali ndi mfumba, akukokera chimanga cha anzake m'nkhokwe mwake usiku. Apa mpamene pali ngozi, makamaka ngati mlimiyo ndi nkhalamba, mayi wamasiye kapena mkamwini wopanda abale pafupi. Tikukumbutsa mafumu kuti lamulo la za ufiti la m'chaka cha 1911 limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu.

A Malawi anzathu, mtima wofuna kuti tonse tizilima mofanana sudagwe kumwamba ayi. Mizere imene lero tikuitcha ya makolo idakhwimitsidwa ndi atsamunda, omwe m'zaka za m'ma 1950 ankalipiritsa ndi kumanga anthu pa nkhani ya malimidwe. Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu idachotsedwa pampando mu 1953 itauza anthu ake kuti asamvere malamulo a zaulimiwo pokana chitaganya. Titalandira ufulu, zinthu sizidasinthe kwenikweni. Dr Kamuzu Banda adali Mchikumbe Nambala Wani, mlangizi ankabwera ndi chingwe choyezera mizere, ADMARC ndiyo inkanena mtengo, ndipo mpaka 1990 mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale, yemwe adasungidwira eni maesiteti. Amene mudakhala zaka ku Lusaka, Dar es Salaam ndi Harare mukudziwa bwino mtengo umene munthu ankalipira akaganiza mosiyana ndi gulu. Pa 14 Juni 1993 tidavota kuti zimenezo zithe pa ndale. Nanga m'munda bwanji?

Zitsanzo zilipo, ndipo si zakunja. Mu 1982 malemu a Glyvyns Chinkhuntha adayamba kulima kadimba kakang'ono m'dambo la bango ku Dowa, malo amene ena ankawaona ngati opanda ntchito. Adakumba ngalande zoyendetsa madzi popanda injini, nadalira manyowa m'malo mwa feteleza wa kusitolo. Malowo ndi amene adadzatchuka ndi dzina loti Tikondwe Freedom Gardens, ndipo ophunzira zaulimi ndi alendo ochokera kutali akhala akupita kukaonerako. Ku Wimbe m'boma la Kasungu, William Kamkwamba, mwana wa alimi, ankanenedwa kuti wachita misala pamene ankatola zitsulo kudzala kuti apange makina a mphepo. Ku Ekwendeni, kuyambira chaka cha 2000, alimi wamba akhala akudziyesera okha kasakanizidwe ka nandolo, mtedza ndi soya m'minda yawo, n'kumaphunzitsana zotsatira zake.

Sitikunena kuti aliyense wochita zachilendo ndi wolondola. Ena amayesa n'kugwa nazo, ndipo ulimi woyala mapesi uli ndi mavuto ake: udzu umavuta kupalira zaka zoyamba, chiswe nacho chimabwera. Ndiponso mwini mbuzi si mdani. Ziweto zake zimafuna chakudya m'chilimwe, ndipo mbewa ndi ndiwo. Koma taganizani: mlimi woyesa njira yatsopano akuika pachiswe chakudya cha ana ake, osati cha mudzi. Akalephera, watayika yekha. Akapambana, mudzi wonse waphunzira osalipira kanthu. Ndi sukulu iti ina yotsika mtengo chonchi?

Ndipo nthawi yoseka anthu otere yatha. Mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba, patangotha chaka namondwe wa Freddy atakokolola minda kummwera. Mu 2025 thumba limodzi la feteleza lidali litadutsa K100,000. Makuponi, kuyambira pa sabuside ya 2005 kufikira AIP ya 2020, sadakwanirepo aliyense. Banja la maekala awiri silingadikire kuti dzina lake lituluke pa mndandanda chaka ndi chaka.

Choncho pempho lathu likupita kwa mafumu. M'madera ena a kummwera, kumene nandolo ndi ndalama, ziweto siziyenda mwachisawawa mpaka mbewuyi itachoka m'munda, ndipo mbuzi ikadya za eni, mwini wake amalipa. Palibe chovuta kuti midzi ya m'chigawo chapakati igwirizane chimodzimodzi, ipatule malo odyetsera ziweto, ndi kuika chindapusa kwa wotentha munda wa mnzake.

Kwa inu a m'tauni, amene mumatumiza ndalama ya feteleza kumudzi mwezi wa Novembala, nanunso muli ndi mbali. Mlongo wanu akakuuzani kuti chaka chino akufuna ayese theka la ekala ndi manyowa ndi nandolo, musamuopseze kuti musiya kutumiza. Mufunseni kuti mbewu apeza kuti, ndipo pa Khirisimasi mukapite mukaone mundawo ndi maso anu.