Feteleza wa kumwamba

Magetsi akazima ku Nsaru usiku wa mu Januwale, mitambo ikapatuka, yang'anani nyenyezi zitatu zondondozana zija agogo ankati akamwini atsatana. Pambali pake pali kachifunga koyererako. Si utsi ayi, ndi mtambo wa mpweya ndi fumbi wotchedwa Orion Nebula, momwe mukubadwa nyenyezi, ndipo kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 1,300 kuti kutipeze. Mitambo yotere isanabale imazizira koopsa, mpaka madigiri 263 pansi pa ziro, moti mpweya umaundana n'kumatirira pa fumbi ngati chisanu cha mu Juni pa udzu wa kudambo. Nanga akatswiri amadziwa bwanji, poti palibe anakatapako? Kuwala kwa nyenyezi ya kuseri kukamadutsa mumtambomo, mankhwala alionse amameza gawo lakelake, n'kusiya chidindo ngati cha chala pa fomu ya ngongole. Makina oonera kutali a James Webb, omwe anaponyedwa mumlengalenga pa 25 Disembala 2021, anawerenga zidindozo mumtambo wa Chamaeleon I, inde bilimankhwe, ndipo mu Januwale 2023 akatswiri analengeza kuti muli madzi oundana, methane, methanol, ammonia ndi carbon dioxide. Ziwiri zomalizirazo zinandiseketsa ndekha, chifukwa ndi zomwe amapangira feteleza wa Urea, yemwe tinkagonera pamzere ndi makuponi m'manja. Aphunzitsi a sayansi ku Kabudula ndi Namitete, tatulutsani ana panja usiku umodzi akaone kachifungako ndi maso awo.

Wanu, Mlonda wa Usiku