Mwini nkhope alankhule yekha

M'mwezi wa March caka ca 2014, ophunzira acikuda pa yunivesiti ya Harvard ku America anaonetsa dziko zithunzi zao. Aliyense anaima atanyamula kabolodi kolembapo mau amene anzake anamuuzapo, kapena yankho lake pa mauwo. Ena anauzidwa kuti malo pa sukulupo anawapeza cifukwa ca khungu cabe, osati nzeru. Nchitoyo anaicha "I, Too, Am Harvard", ndiye kuti nanenso ndine wa pano.

Cimene ife tayamikira pa nchitoyi ndi m'mene inayambira. Kamera inabwera pambuyo. Mtsikana wophunzira komweko, Kimiko Matsuda-Lawrence, anayamba wakhala pansi ndi anzake, kuwafunsa ndi kuwamvetsera. M'zokambirana zimenezo munatuluka sewero ndi zithunzi zija. Motero wojambulidwa aliyense anasankha yekha comwe anthu adzawerenga pafupi ndi nkhope yake. Mwezi womwewo ophunzira a ku Oxford ku England anacitanso cimodzimodzi. Kumeneko ena anatsutsa, najambulitsa zao zonena kuti sukuluyo imalandira bwino aliyense. Sitiwadzudzula. Koma kukhuta kwa mmodzi sikucotsa njala ya mnzake.

Nkhani ya khungu ndi ya kwao. Koma kudzimva mlendo pa sukulu nafe tikudziwa. Mwana wocokera ku Chadiza kapena ku Vubwi akafika pa UNZA, yunivesiti imene inatsegulidwa mu 1966, apeza anzake okulira m'tauni, Cizungu cili pa mlomo. Iye akatsegula pakamwa ena aseka. Ndalama ya cimanga cimene munagulitsa yatha msanga, ndipo acita manyazi kunena. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma mwanayu si mame ai: adzakhala pamenepo zaka zinai kapena kuposa.

Makolo, ife tonse timakonda cithunzi cimodzi, ca mkanjo ndi cisoti pa tsiku lomaliza maphunziro. Timacipacika pa cipupa kuti alendo aone. Cithunzi cimeneco sicinena za usiku umene anagona ndi njala, kapena za mnzake amene anamugawira bedi. Mwinanso sicinena kuti akabwera kumudzi pa holide, anzake akale amuthawa ati wasanduka bwana, ndipo kuno nakonso akhala mlendo.

Tipempha mabungwe a ophunzira m'makoleji ndi m'mayunivesiti athu kuti ayese njira imeneyi. Foni ya m'manja ndi yokwanira. Koma asajambule munthu asanavomere, ndipo mau ake amuwerengere asanawaike pa Facebook, pakuti cimene calowa pa intaneti cibvuta kucicotsa, ndipo umphawi wa mwana si cionetsero.

Inu makolo, mwana akabwera pa holide ino, musathamangire kufunsa za mayeso cabe. Mufunseni amene amadya naye, ndi amene anamuonetsa njira ya ku kalasi tsiku loyamba.