Kupalasa njinga chifukwa cha khansa: ndalama zanu zikathera kuti?

Ngati ndinu wa ku Mchinji, mwina mungaseke mutamva kuti kupalasa njinga ndi njira yopezera ndalama za kafukufuku wa khansa. Kuno njinga ndi khasu: akabaza amatchova tsiku lonse pa Kamwendo ndi pa Boma, ena atamanga matumba a mtedza pa kaliyala, ndipo palibe amawaombera m'manja.

Koma ku America, mwambo wopalasa njinga wa Pan-Mass Challenge, womwe udayamba mu 1980 ku Massachusetts, udali utasonkhanitsa ndalama zoposa $1 biliyoni pofika 2024. Ndalamazo zimapita ku Dana-Farber Cancer Institute. Wopalasa aliyense amalonjeza kupeza ndalama zakutizakuti kwa abale, anzake ndi makampani. Thukutalo ndi longokopera opereka.

Kafukufuku ngofunika, musakayike. Mu 2022, bungwe la WHO lidati katemera wa HPV, yemwe amateteza ku khansa ya khomo la chiberekero, amagwira ntchito ngakhale mtsikana atabayidwa kamodzi kokha. Umboni wake udachokera mwa zina ku Kenya ndi Tanzania. Dziko lathu, lomwe lidayamba kupereka katemerayu m'maboma onse mu 2019, likufunika nkhani ngati imeneyi: ziwerengero za 2020 zidaonetsa kuti amayi oposa 4,000 amapezeka ndi khansayi chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira.

Komabe kafukufuku wotere amadya madola mamiliyoni ambiri. Ndalama zomwe inu ndi anzanu mungatolere mutapalasa kuchoka pa chipata cha Mwami kukafika ku Lilongwe sizingafike pamenepo. Ine ndikuona kuti zingagwire ntchito yaikulu kwina.

Chipatala cha khansa cha boma, chomwe chili pa Kamuzu Central ku Lilongwe, chidatsegulidwa mu 2025, ndipo thandizo la radiotherapy, lomwe kale odwala ankalitsatira kunja kwa dziko, tsopano lili pafupi. Pafupi kwa ndani? Kuchoka pa Mchinji Boma ndi makilomita pafupifupi 110, ndipo mayi wa ku Mkanda kapena ku Kapiri amayamba walipira kabaza asanaione n'komwe minibasi. Thandizoli silitha tsiku limodzi. Wodwala amapita kumakina pafupifupi tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo. Akufunika pogona, chakudya chake ndi cha womudikirira, pomwe kumunda kwatsala ana okha. Wodwala akalekeza panjira chifukwa cha thiransipoti, khansa imapitiriza kukula.

Choncho okonza mwambo akakupatsani fomu yoti mutolere ndalama, afunseni kuti akalandira ndani, zingati zithera pa malaya ndi mafuta a galimoto zoperekeza, komanso lipoti lake mudzaliona liti. Akati ndi za kafukufuku, atchule dzina la kafukufukuyo ndi amene akumuchita.

Ndipo ngati ndinu mayi wa zaka 25 mpaka 49, musadikire tsiku la njinga. Kuyezetsa khomo la chiberekero m'zipatala za boma ndi kwaulere.