Tisanamizire mvula, nkhwangwa ili m'manja mwathu

Lero ndikhudza nkhani imene ena mundida nayo. Ndi nkhani ya mitengo. Boma ndi makampani ogula fodya ali ndi mlandu wawo, waukulu ndithu, ndipo tsiku lawo lidzafika. Lero ndikulankhula ndi ife eni ake, a kwa Santhe, a kwa Chulu, a ku Chamama, a kwa Wimbe ndi a pa Boma pano, amene timadandaula kuti mvula yasintha pamene nkhwangwa ili paphewa.

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lino limakhala m'nyengo yodzala mitengo. Mwambo wake mumaudziwa. Mlendo wolemekezeka afika pagalimoto, apatsidwa khasu latsopano, aika kambande m'dzenje limene anakumba ena, ana a sukulu ayimba, amayi alulutira, zithunzi zijambulidwa. Pitani pamalo pomwepo mu Ogasiti. Mupeza maenje okhaokha, chifukwa mbuzi zinadya, chiswe chinamaliza, ndipo zotsala moto unanyambita. Ndinagwira ntchito m'boma zaka zambiri, ndipo malipoti a mtundu umenewu ndinawaona: amawerenga mbande zimene zalowa pansi, koma zimene zafika chaka chachiwiri palibe amaziwerenga. Kodi mlimi amene amanyadira mbewu imene wafesa osayang'ana m'nkhokwe timamutcha chiyani?

Achinyamata mwina mumaganiza kuti Kasungu anabadwa wadazi chonchi. Funsani agogo anu. Chigwa chino chinali nkhalango ya mombo, tsamba, muwanga ndi msuku. Nthawi ya dzinja kunali bowa, kunali matondo, ndipo masuku ankaolera pansi. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya anafalikira, a Press ndi ena, pamodzi ndi alimi a pansi pa Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Fodya wa fuluu amauma ndi moto, ndipo mabani ake amadya nkhuni usana ndi usiku kwa masiku angapo. Pangano la lizi linkafuna kuti mwini esiteti asiye gawo limodzi mwa magawo khumi a malo ake likhale la mitengo. Yendani m'maesiteti lero muone amene anasunga panganolo. Kenaka m'zaka za m'ma 1990 alimi wamba tinaloledwa kulima burley, tinakondwa, ndipo tinali ndi chifukwa chokondwera. Koma burley amafuna chigafa, ndipo chigafa chimafuna mphanda, mitanda, mikangala ndi udzu. Mudzi uliwonse unatembenukira kuthengo lake. Lero nkhalango yooneka bwino yatsala ku Chimaliro ndi m'Paki basi, ndipo ngakhale kumeneko anthu amalowa usiku. Paki ya Kasungu ndi yaikulu kuposa masikweya kilomita 2,300, ndipo mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Abale athu a m'malire alira nazo njovuzo, ndipo kulira kwawo n'komveka. Komabe tifunsane moona: n'chifukwa chiyani mayi ayenda makilomita ambiri kukaika moyo pachiswe chifukwa cha mtolo wa nkhuni? Chifukwa pakhomo pake sipanatsale ngakhale nthambi yothyola.

Tiyambe ndi chigafa, poti ndicho chimatidyetsa. Zaka zingapo zilizonse mphanda zimaola, chiswe chimazidya, mlimi n'kukadula zina. Alangizi a ARET akhala akuphunzitsa za chigafa chamoyo kwa zaka zambiri: mumadzala mitengo m'mizere pomwe payenera kuima mphanda, ikakula mumangomangirira mitanda ndi kufolera. Mphanda yamoyo siola, ndipo nthambi zimene mumasadza ndi nkhuni za kukhitchini. Phata limodzi kapena awiri a nsungwi kuseri kwa nyumba apereka mikangala chaka ndi chaka. Ambiri munamva zimenezi, munawomba m'manja pamsonkhano, munalandira ndi fanta yomwe. Chimene chimatilepheretsa ndi chakuti mtengo umafuna zaka zitatu kapena zinayi, pamene ife mtima uli pa ndalama za ku Chinkhoma za chaka chino. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mwambiwu tinaumva mopotoka, ngati ukutiuza kuti za mawa n'za mphepo.

Tsono pali mtengo umene sufuna nazale, sufuna chubu, sufuna mlendo wolemekezeka. Uli kale m'munda mwanu. Ndikunena zitsa zija zimene zimaphukira chaka chilichonse, inu n'kumazisadza posoka ngati adani. Chitsa chili ndi mizu yakale yofika pakuya, yodziwa kale dothi lathu ndi chilimwe chathu. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, dulani zinazo, tetezani zotsalazo kwa mbuzi ndi moto. Zimakula mofulumira kuposa mbande yochokera ku nazale. Ku Niger, dziko louma kwambiri kuposa lathu, la m'mphepete mwa chipululu cha Sahara, alimi osauka anayamba kuchita zimenezi m'zaka za m'ma 1980, ndipo mitengo inabwerera pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Analibe ndalama kuposa ife. Anangoleka kudula. Ndipo mukapeza msangu m'munda, usiyeni. Umayoyola masamba nthawi ya mvula, choncho suphimba chimanga, ndipo masambawo ndi chakudya cha nthaka. Pa mtengo umene feteleza wafika lero, kudula msangu kuli ngati kung'amba thumba la feteleza n'kumwaza mumsewu.

Za moto ndilankhula mosabisa. Kuyambira Julayi mpaka Okutobala chigwa chonse chimafuka. Mnyamata afuna mbewa khumi, ayatsa tchire, moto upsereza udzu wofolera wa mudzi wonse, mphukira, ming'oma ya njuchi ndi mbande zija za mwambo. Mnyamatayo sachokera kumwamba. Amagona m'nyumba mwanu, ndipo mbewazo mumadyera nsima limodzi. Akuluakulu nafenso timasonkhanitsa mapesi n'kuwatentha kuti munda uoneke woyera, kenaka mvula yoyamba ikakokolola dothi kupita nalo ku Bua ndi ku Dwangwa timati chaka chino n'choipa. Mapesi akagona pansi amasunga chinyezi ndipo amaola n'kukhala manyowa. Mu 2024, El Niño itaumitsa chimanga, boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Mvula sitingailamule, koma ngati madzi ochepa amene agwawo alowa pansi kapena athamangira kudambo, zimenezo zimachokera m'khasu lathu.

Pali china chimene chikutikhudza ife a mipingo, ndipo sindichilumpha. Timanga matchalitchi aakulu, nyumba za abusa ndi mipanda, zonse ndi njerwa zowotcha. Uvuni umodzi umameza mitengo ikuluikulu, ngakhale mango amene anadzala makolo. Kuyambira 2018 malamulo a dziko lino amaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi za mabungwe. Ife tikakhala pa komiti ya chitukuko funso lathu ndi lakuti njerwa zituluka zingati, ndipo sindinamvepo wina akufunsa kuti nkhunizo zichokera m'munda mwa yani. Njerwa za simenti ndi zija za dothi lotsendereza ndi makina zilipo. Inde n'zodulirapo poyamba. Ngati sitingathe, komiti imene yawotcha uvuni ikhale ndi munda wake wa mitengo, wotchingidwa, wokhala ndi munthu woyankhapo mwezi ndi mwezi.

Amayi, mafuwa atatu amatenthetsa mphepo kuposa mphika. Chitetezo mbaula ndi ya dothi, amaumba amayi anzanu, mtengo wake sufika pa nkhuku, ndipo mtolo umene unkatha msanga umakhalitsa, utsi m'maso n'kuchepa. Za majumbo opyapyala sinditaya nthawi: analetsedwa mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma akadali m'ngalande za pamsika ndi m'mimba mwa mbuzi zathu. Tengani dengu popita kumsika monga ankachitira amayi anu. Ndipo botolo la mankhwala a fodya musatsukire padambo pamene ana amatunga madzi.

Ndikudziwa yankho limene likubwera: “Akulu, inu mumalandira penshoni, ife tikapanda kuwotcha makala tidya chiyani?” Funsoli ndi lachilungamo, ndipo amene tinaona njala ya 2002 kuno ku Kasungu sitiseka munthu wanjala. Koma bambo wokankha matumba atatu a makala panjinga kuchokera kutali sawotchera banja lake. Amawotchera ife a m'tauni, ovala mataye, amene timamunyoza pamsonkhano m'mawa n'kumuitanira pageti madzulo, ndipo timamunenerera mtengo mpaka atsike. Wolandira malipiro ndiye angathe kugula mbaula yosunga moto, gasi kapena kuphikira magetsi pamene alipo, ndipo ndiye ali ndi chowiringula chochepa kuposa onse.

Inunso ana athu a ku Johannesburg ndi ku Cape Town, mumatumiza ndalama zomangira nyumba kwanu, tikuthokoza. Mukamaimba foni kufunsa ngati malata afika, funsaninso kuti njerwazo anawotcha ndi mitengo ya kuti. Ndipo aganyu asanalowe m'munda wa mayi anu kukasosa chaka chino, wina ayambe wayendamo ndi nsanza yofiira, amange pa chitsa chilichonse chimene chaphukira, kuti khasu lichilambalale.