Wojambula Amapita, Wojambulidwa Amatsala

Pali mtundu wa mafilimu umene sufuna anthu ochita sewero. Wojambula amanyamula kamera yake n'kumatsatira munthu weniweni kwa miyezi kapena zaka, kenaka n'kulumikiza zimene wajambulazo kuti zikhale nkhani imodzi. Pachingerezi mafilimu otere amatchedwa documentary, ndipo ambiri amapangidwa ndi anthu oima paokha, opanda kampani yaikulu kapena wailesi ya boma yowathandiza. Mwa anthu amene ojambulawa amakonda kuwatsatira muli aluso amene ntchito zawo zimautsa mapiri pachigwa, makamaka aluso amene ndi amuna kapena akazi okondana okhaokha, ndi ena amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma amadzidziwa kuti ndi akazi. M'chimangirizo chino sindikufuna kuweruza moyo wa anthuwa. Za zimenezo mipingo, makhoti ndi mawailesi alankhula kale kokwanira. Nkhani yanga ndi ya kamera. Maganizo anga ndi akuti mafilimu otere ayenera kupangidwa kuno ku Malawi, koma wojambulidwa ndiye akhale ndi mawu omaliza pa nkhope yake, chifukwa m'dziko muno filimu yotere itha kusanduka umboni wa kukhoti.

Mkangano wa pakati pa mwini luso ndi womufalitsa sunayambe lero. M'chaka cha 1963 ku New York, waluso wina wotchedwa Jack Smith anatulutsa filimu ya Flaming Creatures, momwe munali amuna ovala zachikazi ndi matupi a pamtunda. Mu 1964 apolisi anailanda filimuyo namanga amene ankaionetsa, kuphatikizapo Jonas Mekas. Mekas anaimenyera nkhondo filimuyo kukhoti ndi m'nyuzipepala, koma Smith mpaka imfa yake mu 1989 ankadandaula kuti ena anatchuka ndi thukuta lake. Mary Jordan anadzapanga filimu ya moyo wa Smith mu 2006, mwini wake atagona kumanda zaka 17. Pamenepo panalibe womufunsa ngati wavomera kapena ayi.

Chitsanzo chimene chili pafupi nafe ndi cha Zanele Muholi wa ku South Africa, wojambula zithunzi wobadwira ku Umlazi mu 1972. Kuyambira 2006 Muholi wakhala akujambula nkhope za akazi achikuda okondana okhaokha m'ntchito yotchedwa Faces and Phases. Dziko lawolo linaletsa tsankho lotere m'malamulo ake aakulu a 1996, ndipo mu 2006 linaloleza maukwati awo, komabe anthuwa amaphedwa m'makomboni. Eudy Simelane, amene anasewerako mpira m'timu ya Banyana Banyana, anagwiriridwa ndi kuphedwa ku KwaThema mu 2008. Mu 2009 nduna ya za chikhalidwe, Lulu Xingwana, inatuluka pa chionetsero cha zithunzi ku Johannesburg itaona zithunzi za Muholi, ndipo inati n'zosemphana ndi khalidwe labwino. Chaka chotsatira panatuluka filimu ya Difficult Love, yofotokoza za moyo ndi ntchito ya Muholi.

Chimene chimandikopa pa filimuyi ndi dzina la woitsogolera. Peter Goldsmid sanaipange yekha. Muholi anali mtsogoleri mnzake. Wojambulidwa anali ndi dzanja pa kamera, ndipo anali nawo posankha cholowa ndi chotsala. Muholi naye anthu amene amawajambula sawatcha zinthu zojambulidwa, amawatcha otenga nawo mbali. Ngakhale zinali choncho, mu 2012 akuba anathyola nyumba ya Muholi ku Cape Town n'kutenga ma hard drive opitirira 20, momwe munali zithunzi ndi makanema a zaka zisanu. Katundu wina wamtengo anamusiya. Ngati zithunzi zingabedwe m'dziko limene lamulo limateteza eni nkhopezo, tiyenera kudzifunsa za kuno kwathu kumene lamulo lenilenilo ndilo likuwafuna.

Ife Amalawi tinaona kale zimene kamera ingachite. Kumapeto kwa Disembala 2009, Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza anachita chinkhoswe pamalo ena ogona alendo ku Chirimba mumzinda wa Blantyre. Zithunzi zawo zinatuluka patsamba loyamba la nyuzipepala, ndipo pa 28 Disembala anamangidwa. Pa 20 Meyi 2010 woweruza Nyakwawa Usiwa-Usiwa anawagamula kukakhala kundende zaka 14 akugwira ntchito yakalavulagaga. Pa 29 Meyi pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira atakumana ndi mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon. Atolankhani ndi ojambula ochokera kunja anapakira zida zawo n'kubwerera kwawo. Tiwonge anatsala ndi nkhope imene dziko lonse linali litaidziwa, ndipo pambuyo pake anathawira ku South Africa. Tiwonge sanali woimba kapena wojambula, koma nkhani yake ndiyo ikutiphunzitsa zimene zingagwere waluso aliyense wotere amene angavomere kuima patsogolo pa kamera kuno.

Kwa ife ophunzira zilankhulo, nkhani ya Tiwonge ili ndi mbali ina imene ambiri saiona. Tiwonge wakhala akunena kuti iye ndi mkazi, ndipo anthu a m'dera lake ankamutchula Aunt Tiwo. Koma nyuzipepala zachingerezi zinalemba za amuna awiri, ndipo filimu imene Sara Blecher wa ku South Africa anapanga mu 2011 inatchedwa Two Men and a Wedding. Mutuwo wokha unagamula kale mlandu umene mwini wake ankautsutsa. Chichewa chilibe vuto limeneli. Mlowam'malo wakuti "iye" sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ndipo tikati "anabwera" kapena "akuimba" palibe chotiuza ngati wobwerayo wavala thalauza kapena chitenje. Munthu atha kufotokoza moyo wake wonse m'Chichewa osakakamizidwa kusankha mbali. Koma mawu akewo akangolembedwa pansi pa kanema m'Chingerezi, womasulira ayenera kusankha he kapena she pa chiganizo chilichonse. Kusankha kumeneko kumachitika m'chipinda cholumikizira filimu, mwina ku Johannesburg kapena ku London, mwini nkhani kulibe.

Mawu akuti "chinkhoswe" nawo anavutika paulendo womwewo. Ena anawamasulira kuti ukwati, ena kutomerana, pomwe ife tikudziwa kuti chinkhoswe chili ndi ankhoswe, udindo wa abale ndi malamulo akeake. Komanso Chichewa chathu sichili choyera pa nkhaniyi. Mawu amene amamveka kwambiri ndi akuti "mathanyula", omwe amatuluka m'kamwa ngati chitonzo, ndipo pawailesi timamva chiganizo chachitali chakuti "amuna kapena akazi ogonana okhaokha", chimene chimatenga moyo wonse wa munthu n'kuupanikiza pamphasa. Woimba kapena mlakatuli wotere atapatsidwa mpata wolankhula yekha, bwenzi tikumva mawu amene iwo amatchulana okhaokha. Kwa katswiri wa chilankhulo chimenecho ndi chuma, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene ndikufunira kuti mafilimuwa apangidwe ndi anthu omva Chichewa, osadalira womasulira.

Tsono lamulo likuti chiyani? Gawo 153 la malamulo a milandu ndi zilango limapereka chilango chofika zaka 14, gawo 156 zaka zisanu, ndipo gawo 137A, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, linaonjezerapo akazi. Pa 28 Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana pempho la Jan Willem Akster ndi Jana Gonani, n'kunena kuti malamulowa akhalebe pokhapokha aphungu a Nyumba ya Malamulo atawasintha. Choncho munthu akanena pa kamera za amene amamukonda, mawu akewo atha kumveka ngati kuvomera mlandu. Paja mlandu suola. Kanemanso saola.

Ojambula ena amalonjeza kuti filimuyo idzaonetsedwa kunja kokha, pa zikondwerero za mafilimu za ku Ulaya. Amene analeredwa ku Mwanza ngati ine sangakhulupirire lonjezo limeneli. Boma lathu lili pachipata. Mabasi ndi mathiraki ochokera ku Joni amadutsa ku Tete n'kulowera pa Zobue usana ndi usiku, ndipo chilichonse chimene chatuluka kumeneko chimafika pamsika wathu msanga kuposa mmene manachesi athu amafikira ku Blantyre. Anyamata obena nyimbo ndi mafilimu amakuikira chilichonse mu memory card pa mtengo wa botolo la zakumwa. M'mavidiyo shoo ana amaonera mafilimu a ku China ndi ku Nigeria omasuliridwa m'Chichewa, womasulirayo akuthiramo nthabwala zakezake. Filimu yoonetsedwa ku Berlin lero, wina aijambula pafoni, n'kudula mphindi imodzi yokha yochititsa manyazi, mawa ili pa WhatsApp ya mpingo wa mayi ake a wojambulidwayo kwa Kanduku kapena kwa Nthache. Mayiwo sanasainire pepala lililonse, koma ndiwo adzalozedwa zala pachitsime.

Wina anganene kuti ngati zinthu zili choncho, bwanji osangozisiya? Ambiri mwa anzanga m'kalasi anganenenso kuti mafilimu otere ndi njira yolowetsera zachilendo m'dziko loopa Mulungu, ndipo zionetsero zimene atsogoleri a mipingo anachititsa mu Julaye 2023 zinasonyeza kuti maganizowa ndi a anthu ochuluka. Sindikuwanyoza. Koma kujambula munthu si kumulenga. Anthuwa alipo kale m'makwaya athu, m'magulu a zisudzo ndi m'masaluni, kamera ibwere kapena isabwere. Ndipo ife a ku Mwanza tikudziwa mtengo wa kukhala chete. Mu Meyi 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Thambani, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Panatenga zaka zopitirira 10 kuti bungwe lofufuza, limene linakhazikitsidwa mu 1994, limve mboni zimene zinkadziwa zoona nthawi yonseyo. Sindikufananiza milandu iwiriyi. Ndikungoti dziko limene silisunga mawu a anthu ake limadzavutika pofuna kudziwa zimene zinachitika. Lamulo la 1968 lounika mafilimu ndi mabuku linatizoloweza kuganiza kuti chimene sichinaoneke ndiye kuti kulibe.

Njira zilipo. Mu 2013 Mwizalero Nyirenda, mothandizana ndi bungwe la Art and Global Health Center Africa la ku Zomba, anapanga filimu ya Umunthu, momwe achinyamata atatu a maganizo osiyana pa nkhaniyi akuyenda n'kumamva za anthu osiyanasiyana. Inasonyeza kuti Mmalawi atha kuigwira nkhaniyi popanda kudikira mlendo. Ku Kenya gulu la The Nest Collective linasonkhanitsa nkhani zenizeni za anthu otere, koma m'malo mojambula eni ake linagwiritsa ntchito ochita sewero, n'kutulutsa Stories of Our Lives mu 2014. Boma la Kenya linailetsa filimuyo, ndipo George Gachara, mmodzi wa akuluakulu a gululo, anamangidwa pa mlandu wojambula popanda chilolezo. Moto unapsereza opanga filimu, eni nkhani anapulumuka. Kwa ine umenewo ndiwo mgawo woyenera wa zoopsa.

Ndiponso kubisa nkhope si chinthu chachilendo kwa ife. Aliyense wofuna kujambula gule wamkulu amadziwa kuti ayenera kuyamba waonekera kwa mfumu, kuti ajambula za pabwalo zokha, ndipo kudambwe kamera sifikako. Palibe amene amati filimu ya gule ndi yabodza chifukwa sinaulule za kudambwe. Eni gule ndiwo amaika malire, wojambula n'kumvera. Ulemu umene timapereka pamenepo tiupereke kwa munthu amene ufulu wake uli pachiswe.

Chovuta chenicheni chimabwera pamene waluso mwini wake akufuna kuonekera. Luso la anthu ngati Jack Smith linali lomweli, kuima poyera ndi kukana manyazi, ndipo kumuphimba nkhope munthu wotere n'kumupha kachiwiri. Eric Sambisa anaonekera pa Times TV kumayambiriro kwa 2016 mwa kufuna kwake, ndipo mu Juni 2021 anthu ena anayenda poyera mumzinda wa Lilongwe, ambiri atavala zophimba kumaso. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho wojambula alibe mphamvu yomuletsa munthu wamkulu kusankha. Koma kuvomera kwa tsiku loyamba sikokwanira. Munthu amavomera asanaone mmene mawu ake adulidwira, nyimbo imene yaikidwa pansi pake, ndi mutu umene filimu yapatsidwa. Ayenera kuionera yonse isanatuluke, akhale ndi mphamvu yochotsa chimene sakuchifuna, ndipo adziwe kuti zotsala zimene sizinalowe m'filimu zikusungidwa kuti, ndi yani. Ngati filimuyo yapata mphotho kapena ndalama, gawo lake likhale lolembedwa kale, chifukwa mwina ndi ndalama yomweyo imene adzalipirire lendi atathamangitsidwa panyumba.

Pepala lachilolezo nalo ndi ntchito ya dipatimenti yathu. Mapepala otere amabwera m'Chingerezi cha maloya, ali ndi mawu opereka filimuyo kwa wojambula m'maiko onse, m'njira zonse zoulutsira, mpaka kalekale. Mawuwa ayenera kumasuliridwa m'Chichewa chimene mnyamata wa pa Mwanza boma angachimve, ndipo awerengedwe mokweza pamaso pa mboni imene iye wasankha. Chiganizo chakuti "m'njira zonse zoulutsira" chimasuliridwe mosabisa: pa intaneti, pa WhatsApp, mu memory card, ngakhale pa foni ya wapolisi.