Tiitaneni katswiri wa maphunziro a masewera adzakhale nafe teremu yathunthu

Makolo ambiri akapita kukatenga mwana ku sukulu ya mkombaphala n'kumupeza akuumba dongo, amangoti ndalama zatayika. Akufuna kumva mwanayo akuloweza zilembo ndi kutchula masiku a sabata m'Chingerezi. Ine ndikuti pa msinkhu wa zaka zitatu mpaka zisanu, kusewera ndiko sukulu yeniyeni, ndipo tikusowa munthu woti adzationetse zimenezi ndi manja, osati pa bolodi.

Maganizowa si atsopano ayi. Friedrich Fröbel anayambitsa dzina loti kindergarten ku Germany mu 1840, ndipo Maria Montessori anatsegula sukulu yake ya ana aang'ono ku Rome mu 1907. Ndime 31 ya pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 imati mwana ali ndi ufulu wosewera. Pafupi nafe pompa, bungwe la BRAC lakhala likuyendetsa malo ophunzirira posewera ku Tanzania ndi ku Uganda.

Kuno kwathu, sukulu za mmera mpoyamba zambiri za m'midzi zimayendetsedwa ndi alezi ongodzipereka. Ambiri mwa iwo maphunziro awo amathera pa msonkhano wa masiku ochepa. Akabwerako ndi satifiketi ndi kabuku, Lolemba lake amabwerera ku njira yomwe anaphunzitsidwa nayo iwo eni: kuwakhazika ana pamzere n'kuwauza kuti abwereze.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti tisonkhe ndalama zoti mphunzitsi wodziwa bwino njirayi abwere kudzakhala m'boma limodzi teremu yathunthu. Azilowa m'kalasi tsiku ndi tsiku ndi alezi a sukulu zisanu kapena zisanu ndi imodzi zoyandikana, aziona pamene akuvutika, n'kuwathandiza pomwepo. Zofunika n'zodziwika: ulendo, nyumba, njinga yamoto yoyendera, womasulira ngati sadziwa chinenero cha deralo, ndi kangachepe ka alezi otsala masana kukonzekera naye.

Ena anena kuti mlendo angatiphunzitse chiyani za masanje, phada ndi nthano? N'zoona, masewerawo ndi athu. Koma luso lowerengetsa ana ndi zitsekerero za mabotolo, kuwaphunzitsa kukula ndi kuchepa pogwiritsa ntchito zitsononkho, kapena kutulutsa mawu atsopano m'masanje, limafuna wina amene analichita kwa zaka. Ndipo mlendoyo asabwere ndi zidole za m'katoni zoti zikathyoka zathera pomwepo. Agwire ndi zomwe mudziwo uli nazo, ndipo akamachoka asiye alezi awiri kapena atatu oti aziphunzitsa anzawo.

Khonsolo ya boma ikhoza kupereka nyumba. Makampani amene amathira ndalama m'mipikisano ya mpira akhoza kulipira ulendo. Mipingo, mizikiti ndi abale athu a ku Johannesburg kapena London akhoza kusonkha zotsalazo. Unduna woona za chisamaliro cha ana uvomereze ntchitoyi ndi kuiyang'anira.

Mwana amene afika mu Sitandade 1 ali ndi zaka 6 osadziwa kugwira pensulo, kudikira nthawi yake kapena kufunsa funso, ndiye amene amabwereza kalasi n'kuyamba kudana ndi sukulu. Kuwongola mtengo m'poyamba. Amene muli ndi kuthekera, yambani ndi kulemba mayina a sukulu zoti zilandire mlendoyu, kenako tikambirane za ndalama.